Waswasi m'Mbiri ya Fiqh ndi Zachipatala: Phunziro Lochokera kwa Kanduku

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, Mwini chifundo, amene adafewetsa chipembedzo chake kwa akapolo ake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Zaka zingapo zapitazo ndidakhala masabata awiri kwa Kanduku, m'boma la Mwanza, ndikuphunzitsa za twahara ndi swala. Kumeneko ndi kwa Angoni, dera la manachesi ndi magalimoto akuluakulu olowera ku Zobue ndi ku Tete. Asilamu ndi ochepa, choncho munthu mmodzi akasowa pa safu aliyense amaona. Mnyamata wina wa zaka 19 ankafika pa mzikiti adhana isanaitanidwe, koma ankalowa m'kati ife titapereka kale salamu. Nthawi yonseyo amakhala ali panja ndi chigubu cha malita 20: kutsuka kumaso, kufika pa chigongono, kukaikira, kuyambiranso. Khungu la manja ake lidali long'ambikang'ambika. Mayi ake, amene ankatunga madziwo pa mjigo, adandifunsa kuti, "Shehe, mwanayu ndi majini kodi, kapena adachita kumulodza?" Mwalimu wa pamalopo ankamutama kuti ndiye woopa Allah kuposa anzake onse. Mwini wake nditamutengera pambali adati, "Shehe, ine ndatopa. Masiku ena ndimaganiza zongosiya kuswali."

Mayi uja adaona ufiti, mwalimu adaona taqwa, ndipo onse awiri adaphonya. Vuto la mnyamatayu lili ndi dzina lakale m'mabuku athu, waswasi, ndipo madokotala a lero amalitchula kuti OCD likafika pomulanda munthu nthawi ndi mtendere. Ophunzira ndi aphunzitsi anzanga, mbiri ya nkhaniyi tiyenera kuidziwa, chifukwa anthu otere amayamba kufika kwa ife asanaganize n'komwe za chipatala.

M'nthawi ya Mtumiki

Madandaulo amtunduwu adafika kwa Mtumiki mwiniwake, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye. Bukhari ndi Muslim adalandira nkhani ya munthu amene ankaganiza kuti watulutsa mphweya ali pa swala. Mtumiki adalamula kuti asachoke pa swalayo pokhapokha atamva phokoso kapena fungo. Swahaba Uthman ibn Abi al-As adadandaula kuti Satana akumusokoneza pa swala ndi pa kuwerenga kwake, ndipo adaphunzitsidwa kudzitchinjiriza mwa Allah n'kupitiriza. Maswahaba ena adabwera ali ndi mantha chifukwa cha maganizo oipa owafikira m'mitima, oti sakadatha ngakhale kuwatchula pakamwa. Atawafunsa ngati akuwadadi maganizowo, iwo n'kuvomera, adawauza kuti chidani chimenecho ndiye chizindikiro cha chikhulupiriro choyera. Padabweranso hadith yonena kuti Allah adaukhululukira ummah uwu zimene mitima imanong'ona, bola munthu asazichite kapena kuzilankhula.

Taonani kuti pa mayankho onsewa palibe pamene wodandaula adauzidwa kuti abwereze. Ndipo moyo wa Mtumiki unkagwirizana ndi mayankhowo. Anas ibn Malik adasimba kuti Mtumiki ankapanga wudhu ndi madzi a muyeso wa mudd, amene ndi madzi odzaza manja awiri ophatikiza, osakwana n'komwe lita imodzi, ndipo ankasamba thupi lonse ndi mudd zinayi kapena zisanu. Ankaswali atavala nsapato. Adaswali atanyamula mdzukulu wake Umama. Mwarabu wa kumudzi atakodza mu mzikiti, adangolamula kuti pathiridwe ndowa ya madzi, nkhani n'kutha. Chigubu cha mnyamata wa kwa Kanduku chikadakwanira wudhu wa safu yonse.

Al-Balkhi ndi mankhwala a mtima

Munthu amene adalemba za vutoli mwatsatanetsatane ngati matenda ndi Abu Zayd al-Balkhi, wobadwa cha m'ma 850 kufupi ndi mzinda wa Balkh, m'dziko limene lero ndi Afghanistan, ndipo adamwalira mu 934. Adaphunzira ku Baghdad kwa al-Kindi, ndipo ambiri amamudziwa chifukwa cha maphunziro a mapu ndi maiko. Buku lake la Masalih al-Abdan wa al-Anfus lili ndi magawo awiri, la thanzi la thupi ndi la thanzi la mtima. M'gawo lachiwiri adakamba za mkwiyo, mantha, chisoni, kenako maganizo obwerezabwereza amene munthu amalephera kuwathamangitsa.

Al-Balkhi adaona kuti maganizowa amamutsekereza munthu kuganiza zina, kusangalala ndi chakudya, ngakhale kumvetsera mnzake akamalankhula. Adaonanso kuti wodwalayo amayembekezera choipa nthawi zonse, ndipo chinthu chaching'ono amachikulitsa. Pa za gwero lake adatchula chibadwa cha thupi, molingana ndi zimene asing'anga a nthawi yake ankaphunzitsa za ndulu yakuda, ndipo adatchulanso manong'onong'o a Satana. Nzeru ya ndulu yakuda idatha ntchito, koma malangizo ake akadali amoyo. Adati wodwala asamakhale yekha, pakuti kusungulumwa kumadyetsa maganizowo. Asamakhale manja lende, apeze ntchito yomutangwanitsa. Akhale ndi bwenzi lanzeru lomukhulupirira, loti limuuze zoona pamene maganizo amuzinga. Adalangizanso kuti munthu azisunga maganizo abwino pa nthawi imene ali bwino, monga momwe banja limasungira mankhwala m'nyumba kudikira tsiku la matenda.

Bukuli lidakhala zaka mazanamazana m'nyumba yosungira mabuku ya Ayasofya ku Istanbul. Fuat Sezgin adalisindikiza ku Frankfurt mu 1984, ndipo katswiri wa zamaganizo wa ku Sudan, Malik Badri, adamasulira gawo la mtima m'Chingerezi mu 2013. Mu 2015 Rania Awaad ndi Sara Ali adayerekeza zimene al-Balkhi adalemba ndi zizindikiro zimene madokotala amagwiritsa ntchito lero pozindikira OCD, ndipo adapeza kuti zikufanana kwambiri.

Zimene ma faqih adamanga

Pamene asing'anga ankafufuza gwero, akatswiri a fiqh ankamanga mpanda wa malamulo. Pa hadith ya phokoso ndi fungo ija padachokera tsinde lalikulu lakuti chinthu chotsimikizika sichichotsedwa ndi chikaiko. Qadi Husayn, wa madhhab a Shafi'i, amene adamwalira mu 462 Hijri (1069), adaliika m'gulu la matsinde anayi amene madhhab onse a Shafi'i amabwererako, ndipo al-Suyuti, womwalira mu 911 Hijri (1505), adalifotokoza motambasula m'buku la al-Ashbah wa al-Naza'ir. Tanthauzo lake pa moyo wa tsiku ndi tsiku ndi ili: amene akudziwa kuti adapanga wudhu, kenako n'kukaikira ngati waonongeka, wudhu wake ulipo. Madzi, nsalu ndi nthaka ndi zoyera kufikira najisi itaoneka. Amene akudziwa kuti adamanga nikah, n'kukaikira ngati adatchula talaq, mkazi ndi wakebe. Bukhari adalemba kuti swahaba Uqba ibn Amir ankaona kuti talaq ya munthu wa waswasi siigwira.

Abu Muhammad al-Juwayni, bambo wake wa Imam al-Haramayn, womwalira mu 438 Hijri (1047), adalemba buku la al-Tabsira pofuna kusiyanitsa kusamala koyenera ndi waswasi, ndipo Imam al-Nawawi adatengamo zambiri m'buku la al-Majmu'. Kusiyana kwake ma Shafi'i amakufotokoza motere: chikaiko choyenera kuchilabadira chimakhala ndi chizindikiro, monga kuona galu akunyambita m'mbale, pamene waswasi umangobwera popanda chizindikiro chilichonse, n'kumangoti mwina, mwina.

Imam al-Ghazali, womwalira mu 505 Hijri (1111), adalimbana ndi waswasi wa pa niya m'buku la Ihya Ulum al-Din. Adapereka chitsanzo cha munthu amene amaimirira mwaulemu mwalimu wake akalowa. Munthu ameneyu safunika kuyamba wanena mumtima kuti akuimirira chifukwa cha uje, wolowera pakhomo lakuti, pa nthawi yakuti. Kudziwa chimene akuchita ndi chifukwa chake ndiyo niya imene. Wochoka kunyumba kupita ku mzikiti atamva adhana ya Adhuhuri ali nayo kale niya, ngakhale asanakweze manja.

Ku Baghdad, munthu wina adafunsa Ibn Aqil, wa madhhab a Hanbali, womwalira mu 513 Hijri (1119), kuti amadzimiza m'madzi kambirimbiri koma amakaikirabe ngati wayera. Ibn Aqil adamuuza kuti apite, swala yamuchokera, pakuti cholembera chidachotsedwa pa wamisala, ndipo womira m'madzi n'kumakaikira ngati wanyowa ali m'gulu limenelo. Yankholi lidali lomudzidzimutsa munthuyo kuti aone pamene wafika. Komabe mkati mwake muli mfundo imene tiyenera kuigwira: faqih wamkulu adaona kuti vuto la wofunsayo lili m'maganizo mwake, ndipo kumuonjezera malamulo a kusamba sikukadamuthandiza. Ibn al-Jawzi adatchula zambiri zotere m'buku la Talbis Iblis. Ibn Qudama al-Maqdisi, womwalira mu 620 Hijri (1223), adalemba kabuku kapadera kotchedwa Dhamm al-Muwaswisin, kamene Ibn al-Qayyim adakafutukula m'buku la Ighathat al-Lahfan.

Ma Maliki adafika popatula munthu wotere m'malamulo. Kwa iwo kukaikira ngati wudhu waonongeka kumamukakamiza munthu kupanganso wina, kusiyana ndi ife a Shafi'i. Koma adapatula amene amamutcha mustankih, yemwe chikaiko chimamufikira tsiku ndi tsiku, ndipo adati iyeyu asachilabadire. Apa Sharia idavomereza kuti chikaiko cha wodwala sichilemera mofanana ndi cha munthu wabwinobwino.

Yankho lomveka koposa lidachokera kwa Ibn Hajar al-Haytami, mwini Tuhfat al-Muhtaj, amene ankaphunzitsa ku Makka ndipo adamwalira mu 974 Hijri. M'mafatwa ake adafunsidwa ngati waswasi uli ndi mankhwala. Adayankha kuti mankhwala ake ndi kuunyalanyaza kotheratu, ngakhale mtima ukhale ukukaikirabe, chifukwa ukapanda kulabadiridwa sukhalitsa, pamene woumvera umamukulirakulira mpaka kumufikitsa pa misala. Mawu akuti ngakhale mtima ukhale ukukaikirabe muwasunge, tibwereranso kwa iwo.

Kuchokera ku bimaristan kufika ku London

Asilamu akale sankaona chachilendo kutengera wodwala maganizo kuchipatala. Chipatala chimene Ahmad ibn Tulun adamanga ku Egypt cha m'ma 872 chinkasamalira odwala misala. Chimodzimodzi bimaristan ya Nur al-Din ku Damascus ya mu 1154, ndi ya al-Mansuri imene Sultan Qalawun adamanga ku Cairo mu 1284 ndi chuma cha waqf. Shehe ndi sing'anga ankakhala mumzinda umodzi, aliyense pa ntchito yake.

Akhristu nawo adalidziwa vutoli. Ignatius wa ku Loyola ndi John Bunyan adasimba za kuzunzika kwao ndi chikaiko cha machimo ndi maganizo onyoza Mulungu. Izi zikutiphunzitsa kuti Chisilamu sindicho chimayambitsa matendawa. Iwo amagwira chimene munthu amachilemekeza koposa. Kwa Msilamu amagwira wudhu ndi swala, kwa mayi amagwira chitetezo cha khanda lake, kwa wamalonda amagwira loko wa pa golosale amene amabwerera kukamuyesa kakhumi. Dokotala wa ku Egypt, Ahmed Okasha, adafalitsa kafukufuku mu 1994 wosonyeza kuti pakati pa odwala ake a ku Cairo maganizo okhudza chipembedzo ndi ukhondo ndiwo adali ochuluka. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amasonyeza kuti pafupifupi anthu 2 mwa 100 alionse amadwala matendawa nthawi ina m'moyo wao, ndipo nthawi zambiri amayamba pa unyamata.

Madokotala a ku Ulaya adalemba za matendawa m'zaka za m'ma 1800: Esquirol ku France mu 1838, Westphal ku Berlin mu 1877, kenako Pierre Janet mu 1903. Koma kwa nthawi yaitali ankaonedwa ngati osachiritsika. Zinthu zidasintha mu 1966 pamene Victor Meyer, pa chipatala cha Middlesex ku London, adafalitsa zotsatira za odwala awiri, wina woopa uve, wina wozunzika ndi maganizo onyoza zopatulika za chipembedzo chake. Adawaika pamaso pa zimene ankaopa, n'kuwaletsa kuchita miyambo yao yobwereza. Onse awiri adapeza bwino kwambiri.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ganizo likabwera lakuti chigongono sichinanyowe, mtima umagunda ndi mantha. Munthu akatsukanso, mantha amatsika kwa kamphindi. Ubongo umaphunzira kuti chamupulumutsa ndi kubwerezako, choncho ulendo wotsatira chikaiko chimabwera msanga ndi mphamvu zoposa. Kubwereza kuli ngati kukanda mphere. Koma munthu akapirira manthawo osabwereza, amatsika okha pang'onopang'ono, ndipo ubongo umaphunzira kuti palibe choopsa chidachitika. Apa ndi pamene mawu a al-Haytami aja akuonekera kulemera kwake: wodwala sayenera kudikira kuti mtima ukhazikike ndiye asiye kubwereza. Amayamba wasiya, kukhazikika kumabwera pambuyo. Tisakokomeze kuti makolo athu adatulukira zonse. Iwo adadziwa njira, ndipo zachipatala zidaonjezera ndondomeko yoyambira pa zopepuka kupita pa zolemera, wothandiza wophunzitsidwa bwino, ndi mankhwala monga clomipramine ndi fluoxetine, amene amatenga masabata 8 mpaka 12 kuti mphamvu yake ioneke bwino.

Kuno kwathu

Chisilamu chidafika m'Malawi m'zaka za m'ma 1800 kudzera kwa a Jumbe ku Nkhotakota ndi mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda, ndipo mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje adafalitsa maphunziro a fiqh ya Shafi'i. M'fiqh imeneyi phunziro loyamba la mwana ndi twahara: mitundu ya madzi, mitundu ya najisi, zoononga wudhu. Izi n'zoyenera. Koma tikaphunzitsa zoononga popanda kuphunzitsa tsinde la chitsimikizo, mwana wa mtima wamantha timamupatsa katundu popanda nkhata.

Mbali ya chipatala nayo ili ndi mbiri yake yowawa. Malo oyamba osungira odwala misala m'Nyasaland adatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende yaikulu ya ku Zomba, ndipo wolemba mbiri Megan Vaughan adafotokoza za malowa mu 1983. Chipatala cha Zomba Mental chidatsegulidwa mu 1953. Chithandizo cha maganizo chidabadwira m'ndende, n'chifukwa chake mpaka lero mawu akuti apite ku Zomba amamveka ngati chilango. Banja limayamba lazungulira kwa asing'anga, kugulitsa mbuzi ndi manachesi a chaka chonse, chipatala n'kukhala chomalizira. Komatu wodwala OCD amadziwa yekha kuti zimene akuchita zapyola muyeso, ndipo ambiri safunika kugonekedwa. Kwa wa kwa Kanduku, poyambira ndi chipatala chachikulu cha boma la Mwanza, kumene angamuone kapena kumutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Zomba. A kumpoto ndi pakati alinso ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mtumiki adalamula kufunafuna mankhwala, ndipo sadapatule matenda a maganizo.

Udindo wa mwalimu

Pa mbiri yonseyi ndikutolapo zinthu zingapo za ife ophunzitsa. Tisamutame wa waswasi kuti ndi woopa Allah, pakuti sunnah ndi kutsuka katatu basi, ndipo kupyola pamenepo kudaletsedwa. Tisamunyozenso kuti chikhulupiriro chake n'chofooka, pakuti maswahaba adamva zosiyana ndi zimenezo. Akafunsa funso, tiyankhe kamodzi momveka, ndipo akabwera nalo kachisanu timukumbutse mwachikondi kuti lidayankhidwa kale, chifukwa kufunsafunsa fatwa kumasanduka mwambo wobwereza ngati kutsuka komwe. Ngakhale kudzitchinjiriza mwa Allah achite kamodzi n'kupitiriza, asakusandutse chowerenga makumi asanu asanayambe takbira. Dua ndi Qur'an zikhale mphamvu yake yopirira, ziyende limodzi ndi mankhwala. Ndipo akayamba kutaya ola kapena kuposa tsiku lililonse, kulephera sukulu, kapena kulankhula zoti moyo wamukwana, timuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo, monga tingachitire ndi wa malungo aakulu.

Mnyamata uja tidamupatsa botolo la theka la lita. Tidagwirizana kuti amalume ake aziima pambali pake, akatsuka chiwalo katatu azimugwira paphewa kuti apite pa chotsatira, ndipo wudhu ukatha alowe mu mzikiti ngakhale mtima ukukana. Ndidamuuza kuti, "Mwana wanga, fatwa ndapereka ndine. Iwe swali, Allah akulandira." Masiku oyamba ankaswali misozi ili m'maso, akukhulupirira kuti swala yake siikuloledwa. Mayi ake adavomera kupita naye kuchipatala, ndipo adayamba kumwa mankhwala. Patapita miyezi ingapo mwalimu uja adandiimbira foni kuti mnyamatayo tsopano amapeza rakaa yoyamba. Chikaiko chimamuyenderabe, makamaka akatopa kapena mayeso akayandikira, koma adaphunzira kuchisiya chili chiimire pakhomo.

M'madrasa mwanu mungathe kukhala mwana wotere, amene amachedwa ku malo a wudhu kapena kubwereza Fatiha chamumtima anzake atawerama kale. Mukamuona, musamukalipire pagulu. Mutengereni pambali, mumufunse zimene zikumuvuta, mumuuze kuti ma ulama adamulembera malamulo omupeputsira zaka zoposa 1,000 zapitazo. Tikupempha Allah achize odwala athu ndipo atipatse kumvetsa chipembedzo chake. Allah ndiye Wodziwa koposa.